Madzi a m'botolo ndi madzi a pampopi: Nestlé, mzinda wa Flint ndi malamulo a madzi ku Michigan

M'sabata yoyamba ya mwezi wa Epulo 2018, boma la chigawo cha Michigan m'dziko la America linalengeza zinthu ziwiri zimene zinapsetsa mtima anthu ambiri, makamaka chifukwa chakuti zinabwera motsatizana. Pa 2 Epulo nthambi ya boma yoona za chilengedwe, imene panthawiyo inkadziwika ndi dzina lachidule lakuti DEQ, inalola kampani ya Nestlé kuwonjezera madzi amene inkapopa pachitsime chake china cha m'dera la Osceola, kuchoka pa malita pafupifupi 950 kufika pa malita opitirira pang'ono 1,500 pa mphindi iliyonse, kuti iziwathira m'mabotolo ndi kuwagulitsa. Patangopita masiku anayi, bwanamkubwa wa chigawocho, Rick Snyder, analengeza kuti boma lasiya kugawa madzi a m'mabotolo aulere kwa anthu a mumzinda wa Flint, amene madzi awo a pampopi anali ataipitsidwa ndi mtovu kuyambira mu 2014. Pa madzi onse a pachitsimecho Nestlé inkapereka kuboma madola 200 okha pa chaka, ndipo ndalamayo sinali mtengo wa madzi koma yolipirira mapepala chabe. Chonsecho kafukufuku wa bungwe la Food & Water Watch anali ataonetsa kuti mu 2015 banja la ku Flint linkalipira pafupifupi madola 864 pa chaka, kuposa kwina kulikonse pa mabungwe 500 akuluakulu ogawa madzi amene anafufuzidwa, pa madzi amene sankatheka kumwa.

Nkhani ziwirizi zimatchulidwa pamodzi kawirikawiri mpaka ena amaganiza kuti Nestlé ndiyo inalanda madzi a anthu a ku Flint. Zimenezo si zoona. Chitsimecho chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 190 kuchokera ku Flint, ndipo mzindawo sunkamwa madzi a pansi pa nthaka ya Osceola. Unkamwa a m'nyanja ya Huron, amene unkagula kumzinda wa Detroit, kenako unayamba kumwa a mumtsinje wa Flint. Nestlé ikanapanda kupopa ngakhale dontho limodzi, ana a ku Flint akanamwabe mtovu. Komabe amene anakwiya sanalakwitse pogwirizanitsa nkhanizi, chifukwa ngakhale sizikumana pansi pa nthaka, zimakumana mu ofesi imodzi ya boma, m'malamulo amene amapereka madzi a m'nthaka kwaulere kwa mwini malo koma n'kusiya mtengo wonse wa madzi oyeretsedwa pamutu pa wogula, ndiponso pamsika, pamene botolo limayenda malonda kwambiri anthu akasiya kukhulupirira mpopi.

Michigan si dera louma. Chigawochi chimakhudzana ndi nyanja zinayi mwa nyanja zisanu zikuluzikulu zotchedwa Great Lakes, zimene pamodzi zimasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi onse opanda mchere a pamwamba pa dziko lapansi, ndipo pansi pa nthaka yake pali mchenga wakuya ndi timiyala zimene madzi oundana a makedzana anasiya, zomwe zimamwa mvula mosavuta. N'chifukwa chake kampaniyo nthawi zonse inkanena kuti madzi amene imatenga ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene amatengedwa ndi malo opangira magetsi, mizinda ndi alimi othirira. Poona chigawo chonse, mfundo imeneyi ndi yoona. Malita 1,500 pa mphindi ndi malita oposa 2 miliyoni pa tsiku, ochuluka ndithu kwa munthu woganizira ndowa, koma ochepa kwambiri pa madzi onse a Michigan.

Vuto lagona pa malo amene madziwo amatengedwa. Malamulo a ku America salola kampani kulemba pabotolo kuti muli madzi a pakasupe pokhapokha ngati atungidwa pakasupe penipeni kapena kudzera m'chitsime chobooledwa chimene chimafika mumchenga womwewo umene umadyetsa kasupeyo. Popeza madzi a pakasupe amagulidwa pamtengo wabwino, zitsime za makampani oterewa sizikumbidwa m'mbali mwa nyanja yaikulu koma kumitu ya timitsinje, pafupi ndi madambo, kumene madzi ndi ochepa ndipo kusintha kwakung'ono kumaonekera msanga. Aliyense amene anafukulapo mchenga wa mtsinje wouma m'chilimwe n'kupeza madzi pansi pake amadziwa kale kuti mtsinje ndi madzi a m'nthaka ndi chinthu chimodzi. Pampu ikamakoka usana ndi usiku, mlingo wa madzi a m'nthaka umatsika mozungulira chitsimecho, kwambiri pafupi nacho ndipo pang'ono patali, moti madzi amene akanatulukira pakasupe kapena m'dambo amakhotera kupampu. Mu miyezi yopanda mvula timitsinje ta kumeneko timayenda ndi madzi a m'nthaka okhaokha, amene amakhala ozizira, ndipo nsomba za mtundu wa trout zimadalira kuzizirako. Madzi akachepa, kamtsinje kamaphwa, kamatentha, matope n'kuyamba kuonekera. Palinso kusiyana kwina. Madzi ambiri a mumzinda amabwerera mumtsinje akatsukidwa, ndipo ena mwa madzi a mlimi amalowanso m'nthaka ya m'munda mwake, pamene madzi a m'botolo amakwera lole n'kupita, osabwereranso kudera limene anachokera.

Zimenezi zinayesedwa m'khoti kale kwambiri mavuto a ku Flint asanayambe. Nthambi ya Nestlé imene inkatchedwa Perrier Group of America inayamba yafunafuna akasupe m'chigawo cha Wisconsin, koma anthu a kumeneko ataikana inatembenukira ku Michigan, kumene inamanga fakitale ku Stanwood m'dera la Mecosta, ndipo mu 2002 inayamba kutulutsa madzi a dzina lakuti Ice Mountain. Anthu okhala pafupi ndi zitsime zake anapanga bungwe la Michigan Citizens for Water Conservation ndipo mu 2001 anakasuma, loya wawo ali Jim Olson wa ku Traverse City. Mu Novembala 2003 woweruza Lawrence Root anagamula kuti kupopako kunali kuwononga kamtsinje kotchedwa Dead Stream pamodzi ndi tinyanja ndi madambo oyandikana nako, ndipo analamula kuti kulekeke. Lamulolo linaimitsidwa msanga kampaniyo itachita apilo. Mu 2005 khoti la apilo linavomereza kuti malita 1,500 pa mphindi anali ochuluka mopyola muyeso pamalowo, koma linakana zoti kupopako kuthe, n'kunena kuti pamilandu yotere woweruza aziika pasikelo phindu la wopopa ndi kuvutika kwa anansi ake. Mu 2007 khoti lalikulu la chigawocho linachepetsanso mphamvu za odandaula pogamula kuti sangasumire za madambo ndi nyanja zimene iwo eni sazigwiritsa ntchito. Mlanduwo unatha mu 2009 ndi mgwirizano wakuti kampaniyo izipopa malita pafupifupi 825 pa mphindi powerengera chaka chonse, ndi kuchepetsako m'miyezi imene kamtsinjeko kamakhala pachiopsezo.

Mlandu umenewu unaonetsa poyera mmene lamulo la Michigan limaonera madzi a pansi pa nthaka. Mwini malo sali mwini madziwo, koma ali ndi ufulu wowagwiritsa ntchito moyenera popanda kulipira, kaya ndi mlimi wa mbatata, kaya ndi banja lokhala ndi chitsime kuseri kwa nyumba, kaya ndi kampani ya padziko lonse. Madola 200 aja sanali mwayi wapadera umene Nestlé inapatsidwa mwachinsinsi. Ndi ndalama imene opopa madzi ochuluka amapereka potumiza malipoti awo a pachaka. Nyanja zikuluzikulu ndi mitsinje yodutsika zili ndi chitetezo china, chakuti boma limazisunga m'malo mwa anthu onse ndipo silingazigulitse mwachisawawa, koma makhoti anakana kufikitsa chitetezo chimenechi pa Dead Stream. Muyeso umene Michigan imagwiritsa ntchito pofuna kudziwa ngati mtsinje ndi wodutsika ndi wotsalira m'zaka za m'ma 1800, pamene chuma cha chigawocho chinali pa matabwa: mtsinje ndi wa anthu onse ngati ungayandamitse zipika za mitengo zopita kumakina ocheka. Kamtsinje ka m'dambo sikangakwanitse zimenezo. Motero lamulo limateteza nyanja mwamphamvu koma limasiya pambalambanda timitsinje ndi akasupe amene amaidyetsa.

Mpata winanso uli m'pangano lalikulu loteteza nyanjazo. Mu 1998 boma la Ontario ku Canada linapatsa kampani ya Nova Group chilolezo chotunga madzi m'nyanja ya Superior ndi kuwatumiza ku Asia pa sitima zapamadzi. Anthu a mbali zonse ziwiri za malire anakwiya, chilolezocho chinafafanizidwa, ndipo zokambirana zimene zinatsatira zinabala Great Lakes Compact, pangano la zigawo zisanu ndi zitatu za America limene linakhala lamulo mu 2008 pulezidenti George W. Bush atalisainira. Panganoli limaletsa kupatutsa madzi kuwatulutsa m'chigwa cha nyanjazo ndi mapaipi, ngalande kapena matanki, koma madzi otuluka m'zotengera za malita 20 kapena kucheperapo siliwawerengera m'chiletsocho. Ndiye kuti madzi omwewo amene sangaloledwe kutuluka m'thanki imodzi angathe kutuluka m'mabotolo mamiliyoni.

Pambuyo pa mlandu wa Mecosta, Michigan inakhazikitsa njira yoyezera zopempha za opopa madzi ochuluka, yogwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta imene imayerekezera mmene chitsime chatsopano chingachepetsere madzi ndi nsomba mumtsinje wapafupi, ndipo inalamula kuti wothira madzi m'mabotolo amene akufuna kupopa malita oposa 750,000 pa tsiku azitenga chilolezo chapadera. Pempho la Nestlé la chitsime cha White Pine Springs, pafupi ndi tauni yaing'ono ya Evart, linadutsa m'njira imeneyi mu 2016. Pulogalamu ija poyamba inaonetsa kuti kupopa kotero kungawononge timitsinje, koma akatswiri a DEQ ataunikanso malowo paokha ananena kuti palibe vuto lalikulu, ndipo mbali yaikulu ya umboni umene anadalira inachokera kwa akatswiri olembedwa ntchito ndi kampaniyo. Izi sizitanthauza kuti umboniwo unali wabodza, koma zimaonetsa kufooka kwa dongosolo limene wopempha ndiye ali ndi ndalama zoyezera, pamene woyang'anira alibe zokwanira zoti n'kumutsutsira. Nkhaniyo ikanadutsa mwakachetechete pakanapanda mtolankhani Garret Ellison wa kampani yofalitsa nkhani ya MLive, amene anaiulula chakumapeto kwa 2016 nthawi yolandira maganizo a anthu itatsala pang'ono kutha. Boma linakakamizika kuwonjezera nthawiyo, ndipo maganizo 80,945 anali okana pamene 75 okha ndiwo anali ovomereza. Popereka chilolezocho, mkulu wa nthambiyo, Heidi Grether, anafotokoza kuti ambiri mwa maganizowo ankanena za mfundo zoyendetsera dziko zimene lamulo silinapatse ofesi yake mphamvu yoziganizira. Mwalamulo ankanena zoona, ndipo m'pamene pali chilema chake: lamulolo limafunsa za kuchuluka kwa madzi ndi nsomba m'timitsinje ta pafupi ndi chitsimecho, Twin Creek ndi Chippewa Creek, koma silifunsa ngati kuli koyenera kuti madzi a anthu onse agulitsidwe ndi kampani imodzi anthuwo osapatsidwapo kanthu.

Si onse a m'deralo amene ankadana ndi kampaniyo. Tauni ya Evart inkaigulitsa madzi a m'zitsime za tauniyo ndipo ndalamazo zinkathandiza pa bajeti yake, komanso fakitale ya ku Stanwood inalemba ntchito anthu oposa 200 m'dera limene ntchito n'zosowa. Koma khonsolo ya Osceola Township inakana kuti kampaniyo imange nyumba ya pampu yokankhira madzi m'paipi, ndipo mu Disembala 2019 khoti la apilo linagwirizana ndi khonsoloyo, n'kukana mfundo yakuti kuthira madzi m'mabotolo ogulitsa ndi ntchito yofunika kwa anthu onse monga mmene ilili ntchito yogawa madzi a m'mipopi. Fuko la Grand Traverse Band of Ottawa and Chippewa Indians, limene lili ndi ufulu wosodza ndi kusaka m'derali kuchokera m'pangano la mu 1836, linatsutsanso chilolezocho pamodzi ndi bungwe la nzika lija, koma dandaulo lawo linakanidwa mu 2020.

Nthambi yomweyi ya DEQ ndi imene inali ndi udindo woonetsetsa kuti madzi a ku Flint ndi abwino. Flint ndi kwawo kwa kampani ya magalimoto ya General Motors, ndipo cha m'ma 1960 munali anthu pafupifupi 200,000. Mafakitale atatsekedwa, anthu anachepa kufika pafupifupi theka, ambiri mwa otsalawo ali anthu akuda ndipo pafupifupi 40 pa 100 alionse ali paumphawi, koma mapaipi anatsala autali womwewo ndipo anapitiriza kukalamba. Apa m'pamene panachokera mabilu okwera aja: anthu ochepa ndi osauka ankasenza mtengo wa dongosolo limene linamangidwira mzinda waukulu ndi wolemera. Chuma cha mzindawo chitasokonekera, bwanamkubwa anaika anthu ake kuti auyendetse, okhala ndi mphamvu zoposa za meya ndi makhansala osankhidwa ndi anthu. Pansi pa ulamuliro umenewu panamangidwa mfundo yosiya kugula madzi ku Detroit ndi kulowa m'paipi yatsopano ya Karegnondi yochokera kunyanja ya Huron, ndipo podikira kuti paipiyo ithe, pa 25 Epulo 2014 mzindawo unayamba kumwa madzi a mumtsinje wa Flint.

Mtovuwo sunali mumtsinje. Unali m'mapaipi akale olumikiza nyumba ndi paipi yaikulu ya mumsewu, ndiponso m'zolumikizira za m'nyumbamo. Kwa zaka zambiri Detroit inkathira m'madzi mankhwala otchedwa orthophosphate, amene amapanga kachikungwa kopyapyala m'kati mwa paipi n'kulekanitsa madzi ndi chitsulo. Madzi a mumtsinje wa Flint anali ndi michere yodya zitsulo yochuluka kuposa a m'nyanja, ndipo sanathiridwe mankhwalawo, ngakhale kuti lamulo la dziko lonse la mu 1991 limafuna kuti mzinda wa anthu oposa 50,000 uziteteza mapaipi ake kuti asadyeke. DEQ inauza mzindawo kuti uyambe wayeza madzi kwa miyezi isanu ndi umodzi kawiri usanaganize za mankhwalawo, amene akuti akanadya ndalama zokwana pafupifupi madola 100 pa tsiku. Kachikungwa kaja kanasungunuka ndipo mtovu unalowa m'madzi. Mapaipi achitsulo nawo anachita dzimbiri, n'chifukwa chake madzi ankatuluka ofiirira, ndipo dzimbirilo linkamaliza klorini wopha tizilombo asanafike kumipopi. Mu Ogasiti ndi Seputembala 2014 anthu anauzidwa kuti aziwiritsa madzi chifukwa cha mabakiteriya, komatu kuwiritsa sikuchotsa mtovu. Madzi akamaphwa pamoto mtovuwo umangochulukirachulukira m'madzi otsalawo. Mu 2014 ndi 2015 matenda a m'mapapo otchedwa Legionnaires anagwira anthu pafupifupi 90 m'deralo ndipo anapha osachepera 12.

Chinthu chovuta kuchimvetsa n'chakuti zizindikiro zinalipo kuyambira pachiyambi. Mu Okutobala 2014 fakitale ya mainjini ya General Motors inalengeza kuti isiya kugwiritsa ntchito madziwo chifukwa ankachititsa dzimbiri zipangizo zake, ndipo inaloledwa kupeza madzi ena, pamene anthu anapitiriza kumwa omwewo kwa chaka china chathunthu. Anthu ankabwera ku misonkhano atanyamula mabotolo a madzi ofiirira, akudandaula za zidzolo ndi kuthothoka kwa tsitsi, koma ankauzidwa kuti madziwo akukwanitsa miyezo ya boma. Miyezoyo inkakwanitsidwa papepala, chifukwa njira yotengera madzi okayeza inali yochepetsa mtovu woonekera: anthu ankalangizidwa kutsegula mpopi kwa mphindi zingapo usiku woti mawa atunga madzi okayeza, nyumba zambiri zoyezedwa sizinali zotsimikizika kuti zili ndi mapaipi a mtovu, ndipo zotsatira ziwiri zokwera kwambiri zinachotsedwa mulipoti. Mlingo umene boma limayenera kuchitapo kanthu unali magawo 15 pa biliyoni, koma m'nyumba ya mayi wina munapezeka 104 mu Febuluwale 2015, ndipo pambuyo pake akatswiri a ku yunivesite ya Virginia Tech anapezamo oposa 13,000. Miguel Del Toral wa ku EPA, bungwe la dziko lonse la America loteteza chilengedwe, analemba chenjezo mu Juni 2015 ndipo linaponyedwa kunkhongo. Pulofesa Marc Edwards wa ku Virginia Tech ndi ophunzira ake anayeza nyumba mazana angapo mothandizana ndi eni nyumbazo, ndipo pa 24 Seputembala 2015 dokotala wa ana Mona Hanna-Attisha wa pachipatala cha Hurley anaulula kuti ana okhala ndi mtovu wochuluka m'magazi awonjezeka. Lipoti lake losindikizidwa linaonetsa kukwera kuchoka pa 2.4 kufika pa 4.9 peresenti. Akuluakulu a boma anayamba amutsutsa, kenako anavomereza, ndipo pa 16 Okutobala 2015 mzindawo unabwerera ku madzi a Detroit. Mtovu ulibe fungo kapena kakomedwe, umawononga ubongo wa mwana amene akukula, ndipo palibe mlingo wake umene madokotala amati ndi wosavulaza.

Gulu limene bwanamkubwa yemweyo anasankha kuti lifufuze linanena mu Malichi 2016 kuti DEQ ndiyo inali ndi mlandu waukulu, ndipo mu 2017 bungwe la Michigan Civil Rights Commission linati tsankho lozika mizu m'dongosolo la boma linathandizira kuti madandaulo a anthuwo asamveke. Choncho pamene nthambi yomweyo inauza anthu mu 2018 kuti yaunika mosamala pempho la Nestlé ndipo timitsinje sitiwonongeka, inkalankhula kwa anthu amene anali atamva kale mawu otsimikizira otero kuchokera pakamwa pomwepo. N'kutheka kuti kuwerengera kwake kunali kolondola, monganso kuyeza kwa boma kunkaonetsa kuti mtovu wa m'madzi a ku Flint unali utatsika pansi pa mlingo kwa nthawi yaitali ndithu boma lisanasiye kugawa mabotolo. Koma woyang'anira amene wataya chikhulupiriro cha anthu sangachibweze ndi manambala okha, makamaka pamene mapaipi a mtovu zikwi zambiri anali akadali m'nthaka.

M'zaka zimenezo botolo linapulumutsa anthu, ndipo zimenezi siziyenera kubisidwa. Mu Januwale 2016 Nestlé, Walmart, Coca-Cola ndi PepsiCo analonjeza mabotolo mamiliyoni angapo a ana a sukulu a ku Flint, ndipo boma litasiya kugawa, Nestlé inapitiriza kutumiza madzi kumalo othandizira anthu mumzindawo. Koma banja silingasambe, kuchapa ndi kuphika ndi timabotolo kwa zaka zambiri, ndipo lita imodzi ya m'sitolo imadula kuwirikiza mazanamazana poyerekeza ndi ya pampopi. Chaka chomwecho cha 2016 ndi chimene madzi a m'mabotolo anaposa zakumwa zoziziritsa kukhosi pa kuchuluka kwa zogulitsidwa ku America. Amene ali ndi ndalama akasamukira kubotolo, mawu okakamiza boma kukonza mapaipi amachepa mphamvu, ndipo otsala pampopi ndi amene sangasankhe. Komanso si zoona kuti botolo limayang'aniridwa kwambiri kuposa mpopi. Madzi a m'mipopi ali pansi pa EPA ndi lamulo la mu 1974, limene pambuyo pake linawonjezeredwa kuti ogawa madzi azitumizira ogula lipoti la zimene zapezeka m'madzi chaka chilichonse. Madzi a m'mabotolo ali pansi pa FDA, bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala, monga chakudya, ndipo ngakhale kuti malire ake a mtovu ndi otsika, magawo 5 pa biliyoni, makampani sakakamizidwa kuulula zotsatira zawo kwa anthu mwa njira yomweyo, mfundo imene ofesi yofufuza ya nyumba ya malamulo, GAO, inatchula mu 2009. Mitundu ina yotchuka, monga Aquafina ndi Dasani, kwenikweni ndi madzi a m'mizinda amene asefedwanso. Ku France nakonso, mu Januwale 2024, nyuzipepala ya Le Monde ndi wailesi ya Radio France zinaulula kuti Nestlé Waters inkayeretsa mobisa madzi a Perrier, Vittel, Hépar ndi Contrex ndi njira zoletsedwa pa madzi ogulitsidwa ngati achilengedwe, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho kampaniyo inavomera kulipira mayuro 2 miliyoni kuti milandu ya kuchigawo cha Vosges ithe.

Zotsatira za ku Flint zinabwera pang'onopang'ono. Mu 2018 Michigan inakhwimitsa malamulo ake n'kulamula kuti mapaipi onse a mtovu olowa m'nyumba achotsedwe pa zaka 20. Mu Novembala 2021 woweruza Judith Levy anavomereza chipepeso cha madola 626 miliyoni, chimene mbali yake yaikulu inayenera kupita kwa ana. Snyder anaimbidwa mlandu wonyalanyaza udindo mu Januwale 2021, koma khoti lalikulu la chigawocho litapeza kuti njira yoimbira milanduyo inali yolakwika, milandu yonse inagwa ndipo pofika mu 2023 inatsekedwa popanda mkulu aliyense kupita kundende. Ntchito yosintha mapaipi, imene inayenera kutha mu 2020, inalengezedwa kuti yatha mu 2025, mapaipi pafupifupi 11,000 atasinthidwa.

Nestlé yokha inachoka pankhaniyi mu 2021 pogulitsa mitundu yake ya madzi ya ku North America, kuphatikizapo Ice Mountain, kwa makampani a One Rock Capital Partners ndi Metropoulos & Co. pamtengo wa madola 4.3 biliyoni. Eni atsopanowo, pansi pa dzina lakuti BlueTriton, anabweza chilolezo chimene chinautsa mkangano n'kunena kuti azipopa malita pafupifupi 1,090 pa mphindi, amene ndi ochepera pa amene analoledwa mu 2018 koma ochuluka kuposa amene ankapopedwa poyamba. Mu 2024 kampaniyo inaphatikizana ndi Primo Water n'kukhala Primo Brands. Funso la mtengo silinayankhidwebe, ndipo ngakhale otsutsa makampaniwa samvana chimodzi. Ena amafuna msonkho pa lita iliyonse yothiridwa m'botolo, ndalama zake zizipita kokonza mapaipi a mizinda ngati Flint ndi kothandiza mabanja amene amadulidwa madzi chifukwa cha ngongole, monga zinachitikira mabanja zikwi zambiri ku Detroit mu 2014. Ena amaopa kuti boma likayamba kudya ndalama za madziwo lidzakhala ndi chifukwa chofunira kuti azipopedwa ambiri, ndiponso kuti kuika mtengo n'kuvomereza kuti madzi ndi katundu wamalonda, chinthu chimene chingavute kuchibweza pansi pa mapangano a zamalonda a pakati pa mayiko. Alimi ndi mafakitale nawo amaopa kuti msonkho woyambira pabotolo udzawafikira iwo. Aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Lansing, likulu la Michigan, abweretsapo mabilu oika msonkho wotero, ofikitsa chitetezo cha anthu onse pa madzi a pansi pa nthaka, ndiponso otseka mpata wa zotengera zazing'ono, popeza pangano la Great Lakes limapatsa chigawo chilichonse ufulu wosankha chochita ndi zotengera za malita 20 kapena kucheperapo, koma mabilu amenewa akhala akuthera m'makomiti.